Foni ikalira pakati pa usiku: kodi ntchito ya cloud imakhutitsa mtima?

Mu 2004 kampani ya Amazon inatsegula kaofesi kakang'ono ku Cape Town. Chris Pinkham, injiniya amene ankayang'anira makina a kampaniyo ku Seattle, anali atatsimikiza mtima zobwerera kwawo ku South Africa, ndipo mabwana ake anaona kuti kuli bwino ntchito imutsatire kusiyana n'kumutaya. Kagulu kamene anasonkhanitsa kumeneko ndiko kanamanga EC2, njira yobwereketsa mphamvu za kompyuta kudzera pa intaneti, imene inatsegulidwa kwa anthu mu Ogasiti 2006. Pamenepa m'pamodzi mwa pamene panayambira chimene lero chikutchedwa cloud. Mu 2024 nthambi ya Amazon yoona za cloud, AWS, inalowetsa ndalama zopitirira madola 100 biliyoni, kuposa kangapo konse chuma chimene Malawi amapanga pa chaka.

Cloud imayenda ngati chigayo. Palibe amene amagula chigayo kuti azigayira banja lake lokha. Umasenza chimanga chako, mwini chigayo n'kuyeza matini, iwe n'kulipira molingana ndi zimene wagayitsa. Banki, kampani ya ndege kapena mnyamata amene wapanga kapulogalamu kake safunikanso kugula makompyuta akuluakulu. Amabwereka kwa Amazon, Microsoft kapena Google, n'kumalipira pa ola. Makina enieniwo, maseva, ali m'nyumba zikuluzikulu zozizira, ndipo kuseri kwake kuli matimu a mainjiniya amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti makinawo asaime, usana ndi usiku, Khirisimasi ndi Isitala yomwe.

Matimu amenewa ndiwo akukopa achinyamata athu. Microsoft inatsegula nyumba zake za maseva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, AWS inatsegula zake ku Cape Town mu 2020, Google inabwera ku Johannesburg mu 2024. Wophunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Chanco kapena ku Mzuni akudziwa kuti digiri yokha siyokwanira, ndiye amagula bandulo n'kumawerengera satifiketi ya AWS kapena ya Azure, cloud ya Microsoft, usiku. Zotsatsa ntchito zimene amaziona zimalankhula mofanana: timu yathu ili ndi masomphenya aakulu, tikumanga zinthu zoti dziko lonse lizidalira, bwera udzachite ntchito yopambana m'moyo wako. Pa lonjezo limeneli m'pamene pali mkangano. Ena amati ndi loona, ndipo munthu waluso akapeza mwayi wotere asacheuke. Ena amati ntchitoyo imadya munthu, ndipo chisangalalo chimene imapatsa n'cha kanthawi.

Ovomereza amayambira pa ntchito imene injiniya wamba amagwira kwathu kuno. Munthu waphunzira zaka zinayi, amadziwa kulemba mapulogalamu, koma akalembedwa pa ofesi amangokhala wothamangitsidwa. "Achimwene a IT, tabwerani, printer yakananso." "Aunt, password ija ndayiwalanso, tandikonzerani." Dzuwa limalowa munthu asanakhudze chilichonse chimene anaphunzira, ndipo pakatha zaka zisanu luso lija lachita dzimbiri. M'timu ya cloud zinthu n'zina. Mavuto ake ndi oti mutu uzungulire: mungasunge bwanji fayilo imodzi m'nyumba zitatu zotalikirana kuti ina ikapsa fayiloyo isatayike? Mungasinthe bwanji pulogalamu pa makina masauzande anthu akuigwiritsa ntchito, popanda ngakhale mmodzi kuzindikira? Munthu amene amakonda kuthetsa mavuto otere akawalawa, ovomereza amatero, safunanso kubwerera ku printer.

Mfundo yawo yachiwiri ndi umwini, ndipo ineyo ndimaiona kuti ndiyo yamphamvu kuposa zonse. Werner Vogels, mkulu woona za luso ku Amazon, anafotokoza mu 2006 lamulo limene kampaniyo imayendera: amene wamanga chinthu ndiye azichiyendetsa. Kale mainjiniya ankalemba pulogalamu n'kuiponyera gulu lina kuti lizivutika nayo. Ku cloud, chimene wamanga ndi chako; chikayenda bwino ulemu ndi wako, chikagwa amadzutsa iwe. Jeff Bezos, woyambitsa kampaniyo, anaikanso lamulo lakuti timu isakule kuposa anthu amene angakhute ndi pizza ziwiri. Pagulu laling'ono chotero palibe pobisala, komanso palibe amene mawu ake amasowa. Mtsikana wa zaka 26 angathe kulemba ganizo lake, anzake n'kuliwerenga, n'kuligwiritsa ntchito mwezi womwewo. Ku Amazon misonkhano yambiri imayamba ndi chete: aliyense, bwana yemwe, amawerenga kaye chikalata cha masamba asanu ndi limodzi chimene wina walemba, kenako n'kuyamba kufunsa. Kwa munthu amene anakulira kumene wamng'ono salankhula akulu asanalankhule, kuona ganizo lake likuyesedwa pa kulemera kwake, osati pa msinkhu wa mwini wake, n'chinthu chosaiwalika.

Apa ovomereza amatchula akatswiri a za maganizo, Edward Deci ndi Richard Ryan a ku yunivesite ya Rochester, amene kwa zaka zambiri akhala akuphunzitsa kuti munthu amakhutira ndi zochita zake pakakhala zinthu zitatu: ufulu wosankha m'mene agwirire, kuona kuti luso lake likukula, ndi kumva kuti ali pakati pa anzake. Timu yabwino ya cloud, amatero, imapereka zonse zitatu.

Ndipo ali ndi chitsanzo chimene amachikonda. Pa 28 Febuluwale 2017, injiniya wina wa AWS ankakonza vuto m'makina owerengetsera mabilu a S3, nkhokwe yaikulu yosungiramo mafayilo. Ankatsatira ndondomeko yolembedwa, ndipo ankafuna kuchotsa maseva ochepa. Polemba lamulo analakwitsa pang'ono, maseva ambiri n'kuchoka. Mbali ziwiri zofunika za S3 ku Northern Virginia zinayenera kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa zaka zambiri, ndipo zinatenga maola pafupifupi anayi kuti zonse zibwerere mwakale. Mawebusayiti ambirimbiri anaima. Ngakhale tsamba la AWS lodziwitsa anthu za mavuto linalephera kusintha, chifukwa nalonso linkadalira S3 yomweyo. Chimene ovomereza amafuna kuti tione ndi lipoti limene kampaniyo inatulutsa. Dzina la wolakwitsayo mulibemo. Chala chinaloza chida chimene chinalola munthu mmodzi kuchotsa makina ochuluka chotero mofulumira chotero, ndipo chidacho anachisintha kuti chizichotsa pang'onopang'ono ndi kukana kupitirira malire. Ndi maofesi angati kwathu kuno amene angachite zimenezi? Ambiri akanayamba ndi kalata yoimitsa munthu ntchito. Kugwira ntchito pamalo pamene ukalakwitsa amafunsa kuti "chinalola n'chiyani?" m'malo mwa "walakwa ndani?" kumamasula mtima, ndipo munthu womasuka amayesa zinthu zazikulu.

Za ndalama sachita nazo manyazi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene amalandira madola kapena marandi anagona tulo, pamene anzawo a malipiro a kwacha anadzuka atasauka. Injiniya mmodzi wotere amalipirira fizi abale ake, kugulira makolo feteleza ndi kumanga nyumba. Kukhutira kwa munthu wa kwathu sikuthera pa iye yekha, ndipo amene amanyoza mfundo ya ndalama nthawi zambiri ndi amene sanaonepo mlongo wake akubwezedwa kusukulu.

Otsutsa samakana chilichonse mwa izi. Amangoti tiyeni tione lamulo lija la umwini nthawi ya usiku.

M'timu iliyonse ya cloud muli kasinthasintha wokhala pa call, nthawi zambiri sabata yathunthu. Sabata imeneyo foni siichoka m'thumba, laputopu siichoka m'chikwama, ndipo kulikonse kumene ukupita uyenera kuyamba wafunsa ngati kuli netiweki. Ku ukwati umakhala pafupi ndi khomo. Kumaliro akumudzi umatuma mawu opepesa. Cha m'ma 2 koloko usiku foni imalira kulira kwake kwakekwake, kumene kunasankhidwa dala kuti kusamveke kokoma. Uli ndi mphindi zochepa zoti uvomere kuti wamva, apo ayi iyamba kuitana mnzako, kenako bwana. Umadzuka mwakachetechete kuti mwana asadzuke, n'kukakhala pabalaza. Pa sikirini mzere umene umayenera kukhala pansi wakwera. Sukudziwa ngati vuto lili m'gawo lako kapena la timu ina. M'chipinda chokambirana cha pa intaneti anthu akulowa mmodzimmodzi, wina ku Dublin, wina ku Seattle, ndipo bwana wina amene sunamuonepo akufunsa mphindi zisanu zilizonse kuti zitha liti. Manja akunjenjemera, koma lamulo limene ulembe liyenera kukhala lolondola, pakuti ukukumbukira za mnzako wa S3 uja. Pofika 4 koloko mzere watsika. Umabwerera kukagona koma tulo tathawa, ndipo 9 koloko pali msonkhano wa timu, pamene adzafunsa za ntchito ina imene unalonjeza kumaliza Lachisanu.

Zikachitika kamodzi pa miyezi ingapo, munthu amadzazikamba monyadira. Zikamachitika katatu pa sabata, thupi limayamba kukana. Mu 2019 bungwe la WHO linalemba kutoperatu ndi ntchito m'buku lake la matenda ndi mavuto a zaumoyo, ICD-11, monga vuto lochokera kuntchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima mpaka kuyamba kuida, ndi kulephera kugwira bwino monga kale. Otsutsa amati timu ya "masomphenya aakulu" ndiyo imabala zimenezi, chifukwa masomphenyawo amatanthauza kulonjeza makasitomala zinthu zatsopano mofulumira, pamene zakale zisanakhazikike. Aliyense amafuna kumanga chatsopano popeza n'chimene chimakweza munthu pa udindo. Zokonzakonza zimatsalira amene ali pa call.

Amawonjezera kuti ntchitoyi ndi yosaoneka. Mphunzitsi amakumana ndi ana ake akale pamsika, mmisiri amaloza nyumba imene anamanga. Injiniya wa cloud akagwira bwino kwambiri, palibe chimachitika, ndipo palibe amene amadziwa. Dzina la timu yake limamveka tsiku limene zinthu zagwa lokha. Ndiponso pamene kampani yakula, gawo la munthu mmodzi limachepa. Kagulu ka Pinkham kanamanga chinthu chathunthu. Amene akulowa lero angathe kutha zaka zitatu akusamalira kachigawo kamodzi ka makina owerengetsera mabilu, kamene sangathe n'kufotokozera mayi ake. Pinkham mwiniwakeyo anachoka ku Amazon mu 2006, chaka chomwe EC2 inatsegulidwa, ndipo pambuyo pake anayambitsa kampani yake, Nimbula, pamodzi ndi Willem van Biljon, imene Oracle inagula mu 2013. Otsutsa amati nkhani ya Cape Town ndi yokoma, koma ndi nkhani ya oyambitsa, ndipo mipando ya oyambitsa inatha kale.

Mfundo yawo yowawa kwambiri ndi ya Januwale 2023. M'mwezi umodzi umenewo Amazon inalengeza zochotsa anthu 18,000, Microsoft 10,000, Google 12,000. Mu Malichi Amazon inawonjezera ena 9,000, ndipo ulendo uno AWS inakhudzidwa. Makampaniwa sanali pa mavuto oti angatseke, ankapangabe phindu. Ambiri mwa ochotsedwawo anadziwa kudzera pa imelo. Umwini uja uli kuti, otsutsa amafunsa, ngati chinthu chimene unkachitcha chako, chimene unachidzukira usiku zaka zinayi, angakutsekere kunja kwake m'mawa umodzi? Anakupatsa udindo wa mwini, koma mphamvu za mwini anasunga okha. Kwa Mmalawi kapena Mzambia amene ali kunja pa chitupa cha ntchito, nkhaniyi ndi yoopsa koposa. Ku Britain ndi ku America, amene chitupa chake chinamangiriridwa ku kampani amakhala ndi masiku pafupifupi 60 kuti apeze ntchito ina, apo ayi alongedze, ana ali pakati pa teremu. Munthu wotere sangakane sabata yowonjezera ya call. Sangatsutsane ndi bwana momasuka monga mnzake mbadwa ya dzikolo, ngakhale chikalata cha masamba asanu ndi limodzi chija atalemba bwino chotani.

Pali zinanso zimene amatchula mwachidule. Mu Ogasiti 2015 nyuzipepala ya New York Times inalemba nkhani yaitali yosonyeza maofesi a Amazon ngati malo ankhanza, a mpikisano wosatha, ndipo Bezos anayankha kuti imeneyo si Amazon imene iye amaidziwa. Mu 2024 Andy Jassy, amene anatsogolera AWS asanakhale mkulu wa kampani yonse, analamula kuti kuyambira Januwale 2025 antchito azipita ku ofesi masiku asanu pa sabata, zimene zinasokoneza ambiri amene anali atakonza moyo wawo mogwirira kunyumba. Ndipo amene amagwirira ntchito ku Lilongwe kapena ku Lusaka timu yake ili ku Seattle amadziwa kuti msonkhano wa 10 koloko m'mawa kumeneko umamupeza 7 kapena 8 koloko madzulo, nthawi ya nsima ndi ana, magetsi akakhala kuti alipo.

Kenako pali funso la chikumbumtima. Makina amene umamanga sudziwa amene adzawabwereke. Mu 2021 Google ndi Amazon anapata kontilakiti ya madola 1.2 biliyoni, yotchedwa Project Nimbus, yopereka cloud ku boma la Israel. Antchito ena anakana, ponena kuti luso lawo lingagwiritsidwe ntchito pa nkhondo, ndipo mu Epulo 2024 Google inachotsa anthu 28 atachita zionetsero m'maofesi. Kaya munthu aime mbali iti pa nkhondoyo, phunziro la otsutsa n'lakuti injiniya alibe mawu pa za amene akumutumikira.

Ovomereza akamva zonsezi amati walira mvula walira matope. Ntchito iliyonse yofunika imadzutsa anthu usiku, ndipo kuchotsedwa ntchito kuli ponseponse. Kusiyana kwake n'kwakuti amene wachotsedwa ku Google amapeza ina msanga, pamene wochotsedwa pa kakampani ka m'tauni amakhala chaka akuyenda ndi envelopu. Yankho limeneli lili ndi choonadi, koma silindikwanira, chifukwa likuvomereza kuvutika ngati chinthu chosasinthika. Yankho lawo labwino ndi lina: matope ambiriwo angathe kupewedwa, ndipo njira yake inalembedwa kale.

Amanena za Google. Mu 2003 Ben Treynor Sloss anayambitsa kumeneko gulu la mainjiniya osamalira makina, ndipo mu 2016 kampaniyo inatulutsa buku lofotokoza m'mene amagwirira, Site Reliability Engineering. Malamulo ake ndi oteteza munthu. Ntchito yozimitsa moto ndi yobwerezabwereza isapitirire theka la nthawi ya injiniya; theka linalo azimanga zida zoti motowo usabukenso. Ikapitirira, ntchito yotsalayo imabwezedwa kwa amene analemba pulogalamu yovutayo. Pa shifiti ya maola 12 pasamachitike mavuto oposa awiri, kuti munthu apeze nthawi yofufuza gwero lake. Timu imene ili pamalo amodzi ikhale ndi anthu osachepera asanu ndi atatu osinthana pa call, ndipo ngati n'kotheka igawidwe m'maiko awiri otalikirana kuti pasakhale wogwira usiku. Palinso nzeru ina imene ndimaisirira. Palibe makina amene angayende osaima mpaka kalekale, ndiye timu imagwirizana ndi mabwana za mlingo wake. Ikalonjeza 99.9 peresenti, ndiye kuti yaloledwa kugwa maola osakwana asanu ndi anayi pa chaka, ikalonjeza 99.99, mphindi 52 zokha. Nthawi yololedwayo ikatha, zatsopano zonse zimaima mpaka zakale zitakhazikika. Ndi lamulo limeneli, injiniya wamng'ono angathe kuuza bwana wofulumira kuti ayi, ndipo manambala amamuikira kumbuyo.

Otsutsa amayankha kuti buku ndi buku. M'kampani imodzi momwemo muli matimu amene amatsatira zimenezi ndi ena amene anthu anayi okha amasinthana foni chaka chonse chifukwa anzawo anachoka ndipo sanalowedwe m'malo. Pamenepa ndikuona kuti mbali ziwirizi zafika pamodzi osadziwa. Onse akuvomereza kuti dzina la kampani silikuuza chilichonse za moyo umene ukakhale. Google yomweyo itafufuza matimu ake 180 pa kafukufuku wotchedwa Project Aristotle, inapeza kuti chosiyanitsa matimu abwino sichinali kuchuluka kwa akatswiri, koma ngati anthu ake amamasuka kufunsa, kutsutsa ndi kuvomera kulakwa popanda mantha, mfundo imene Amy Edmondson wa ku Harvard anali atailemba kale mu 1999. Munthu sagwira ntchito ndi Amazon kapena Microsoft. Amagwira ndi anthu asanu ndi atatu ndi bwana mmodzi.

Pali mfundo ina ya otsutsa imene imandikhudza mwapadera, ngakhale sindigwirizana nayo kwathunthu. Amati luso limeneli likufunika kwathu. Zipatala zathu zikusunga mbiri za odwala m'makompyuta, malipiro a anthu ambiri akudutsa pa Airtel Money ndi Mpamba, boma likusamutsira ntchito zake pa intaneti. Makina amenewa akagwa, wovutika ndi mayi amene waima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo injiniya amene wawakonza angathe kumuona mayiyo ndi maso ake. Kodi kukhutira kwenikweni si kumeneko? N'zoona kuti ntchito ya kwathu ili ndi nkhope. Koma ndaona achinyamata aluso akufota m'maofesi mmene palibe wowaphunzitsa, mmene ganizo lililonse limadikira siginecha ya munthu amene sadziwa kuti seva n'chiyani. Kukonda dziko sikulowa m'malo mwa mphunzitsi. Ndipo amene akadzabwera kudzakonza makina athu bwino ndi amene anaonapo m'mene makina aakulu amasamalidwira, amene anakhalapo pa msonkhano wofufuza vuto popanda kuloza chala, n'kubwera nacho chizolowezicho. Sindingamuuze mwana wa mnzanga kuti akane ntchito ku Cape Town chifukwa cha ife. Ndingamupemphe kuti asaiwale njira yobwerera.

Tsono ine ndaima pati? Ndili kumbali ya ovomereza, koma ndi chenjezo lonse la otsutsa m'manja. Ndimakhulupirira kuti chimwemwe cha kumanga chinthu chovuta pamodzi ndi anthu aluso n'chenicheni, ndipo amene anachilawa sanama akamachikamba. Chimene ndimakana ndi kuganiza kuti chimwemwecho chimachokera ku kukula kwa masomphenya a kampani. Foni ya usiku ija ndi imodzimodzi m'timu yabwino ndi m'timu yoipa. Kusiyana kuli m'mawa mwake. M'timu yabwino, wodzutsidwayo amauzidwa kuti apume, kenako amapatsidwa nthawi ndi mphamvu zokonza chimene chinamudzutsa, ngakhale zitachedwetsa zatsopano zimene bwana analonjeza. Akakonza, sabata yotsatira mnzake amagona, ndipo iye amadziwa kuti tulo ta mnzakeyo ndi ntchito ya manja ake. M'timu yoipa, amalemba vutolo pamndandanda umene palibe amauwerenga, ndipo Lachiwiri foni imaliranso pa chifukwa chomwecho. Woyambayo ndi mwini ndithu, ngakhale alibe sheya. Wachiwiriyo ndi mlonda chabe amene amamutcha mwini kuti asadandaule.

Pa za kuchotsedwa ntchito, otsutsa apambana, ndipo palibe buku limene lingawayankhe. Kampani si banja, ngakhale itanena motero pa tsiku lokulandira. Chimene munthu angatuluke nacho pakhomo ndi luso lake, anzake amene anadzuka nawo usiku, ndi ndalama zimene anasunga. N'chifukwa chake ndimalangiza achinyamata kuti aphunzire zinthu zoyenda nazo kulikonse, monga Linux, manetiweki, Kubernetes ndi Terraform, osati zida za m'nyumba ya kampani imodzi zokha, ndiponso kuti achibale akamapempha, asiyeko ya miyezi ingapo pambali, makamaka ngati chitupa chawo chili m'manja mwa bwana.

Ndipo pa intaviyu, pamene afika poti "muli ndi funso?", asawononge mwayiwo pofunsa za masomphenya, pakuti yankho lake analoweza kale. Afunse kuti pa call amasinthana anthu angati. Afunse kuti mwezi watha foni inalira kangati usiku, ndipo mwa mavuto amenewo ndi angati anakonzedwa mpaka pa gwero. Apemphe kuti amufotokozere za vuto lalikulu lomaliza, ndipo amvetsere ngati wofotokozayo akutchula munthu kapena akutchula chida. Afunse kuti ndi liti pamene timuyo inaimitsa chinthu chatsopano pofuna kukonza chakale, ndipo anaganiza zimenezo ndani. Ngati n'kotheka apemphe kulankhula ndi injiniya wamng'ono wa m'timumo bwana palibe. Achinyamata athu ambiri amaopa mafunso otere, poganiza kuti aoneka amwano kapena aulesi pamaso pa anthu amene akuwachitira chifundo. Sakuwachitira chifundo, akufuna luso lawo. Bwana amene amasamala za tulo ta anthu ake amakhala ndi manambalawo pafupi, ndipo amakondwa kuti wina wawafunsa. Amene wakwiya nawo mafunsowo, kapena wayankha kuti kuno tonse timangodzipereka, ntchito yakeyo ndi yoyenera kuikana, ngakhale malipiro ake atakhala a madola.